Galimoto ya mwana wa chaka choyamba ikagona kuti?

Kuno ku Chipata nkhani ya galimoto ya mwana imabuka zinthu ziwiri zikakumana: ndalama ya soya kapena ya fodya ikadali m'nyumba, kalata ya ku koleji nayo n'kufika kuti mwana wapeza malo. Zikatero pamapezeka wina, kawirikawiri bambo, amene amati, "Mwana wanga asakavutike mmene ndinavutikira ine. Timugulire kamotoka." Si mabanja ambiri angakwanitse, inde, koma alipo ndithu: alimi akuluakulu a ku Chipangali ndi ku Kasenengwa, amalonda a ku Down Shops, ogwira ntchito m'boma amene atenga ngongole yodula kumalipiro, ndi aja ali ndi galimoto yachiwiri imene yangokhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku n'kumaikiramo mazira.

Ine ndili ndi timanyumba ta lendi kuseri kwa nyumba yanga, ndipo kwa zaka zingapo tsopano ambiri okhalamo ndi ana a m'makoleji. Ndaona obwera ndi chikwama chimodzi ndi mbaula. Ndaonanso obwera ataperekezedwa ndi banja lonse, firiji itamangiriridwa pa vani. Owerengeka anabwera ndi magalimoto awoawo. Pa zimene ndaona pakhomo panga pano, ndi zimene ndimamva kwa ana a abale amene ali ku Lusaka ndi ku Kitwe, ine ndimati mwana wa chaka choyamba safunika galimoto. Makolo amakonda kufunsa kuti, "Kodi kukolejiko malo oimikapo alipo?" Limenelo ndi funso lapafupi, masana malo sasowa. Chimene safunsa n'chakuti usiku galimotoyo ikagona kuti, nanga agalu akauwa adzuke ndani.

Tione kaye kumene mwanayo amayenda. Wa chaka choyamba dziko lake ndi laling'ono: pogona, kalasi, laibulale, kumsika kukagula kapenta ndi tomato, kutchalitchi, basi. Ngati ali ku Chipata College of Education, ku Chipata Trades, ku DMI St. Eugene kapena kusukulu ya anamwino ya pachipatala chachikulu, palibe malo m'tauni muno amene njinga singamufikitse. Paja uno ndi mzinda wa njinga. Nthawi ya Kaunda fakitale ya Luangwa Industries inkapanga njinga za Eagle konkuno, ndipo ngakhale fakitaleyo inatha, chizolowezi chinatsala. Kaimeni pa Kapata m'mawa muone. Aphunzitsi, anamwino, azimayi a madengu a masamba, onse ali pakeliyala, ndipo masiku ano njinga zamoto zangoti mbwee paliponse. Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, koma sinatambalale mpaka munthu kulephera kuchoka ku Moth kufika ku Saturday Market popanda injini yakeyake. Amene ali kusukulu za anamwino za ku Mwami kapena ku St. Francis ku Katete ndiye nkhaniyi siwakhudza n'komwe. Kalasi, wodi ndi pogona zili pamodzi, ndipo nthawi yoyendayenda aitenga kuti?

Ku Lusaka n'kosiyanako, ndipo makolo akuno amauopa mzindawo kuposa muyeso. University of Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo mahositelo ake sangakwanire chikhamu cha ophunzira amene alipo lero. Mwana wongofika kumene kupeza bedi pakampasi ndi mwayi. Ena amasikwata m'zipinda za anzawo, ena amakakhala m'ma boarding house a ku Kalingalinga, Kalundu, Ng'ombe, mpaka ku Chelstone. Apa m'pamene masamu a bambo amasokonekera. Amapeza chipinda chotchipa kutali, mtundawo n'kumati autseke ndi galimoto. Komatu chipinda chodulirapo, choti mwana n'kuyenda wapansi mphindi 15 kapena 20, ngakhale lendi yake itaposa ya kutaliko kawiri, sichingafike pa ndalama imene galimoto imameza pamwezi. Ndipo amene anakhalapo mu Great East Road m'mawa, magalimoto atangoti ndii cha ku Munali, akudziwa kuti wapansi ndiye amayamba kufika m'kalasi.

Ndalama yogulira imapweteka kamodzi n'kuiwalika. Imene siiwalika ndi ya mwezi ndi mwezi. Chichotsereni boma sabuside ya mafuta kumapeto kwa 2021, bungwe loyang'anira mitengo ya mafuta la ERB lakhala likuunika mitengo mwezi uliwonse, ndipo mu 2024 ndi 2025 lita ya petulo inkazungulira cha pa K30, lero yakwera, mawa yatsikako. Kholo limene limatumiza ndalama pafoni kumayambiriro kwa mwezi silingadziwe ngati ikafike kumapeto. Pali msonkho wa pamsewu ndi fitinesi ku RTSA, bungwe loona za pamsewu. Pali inshuwalansi, imene lamulo limakakamiza, ndipo yotchipa ija ya third party, imene ambirife timadula, imalipira amene wamugunda, osati galimoto yako. Ndiye magalimoto ake amene timagulira anawa ndi ati? Vitz, IST, Fit, Spacio, Allion. Amatsika sitima ku Dar es Salaam, n'kulowera pa Nakonde ali kale ndi zaka 10 kapena kuposerapo. Ndi abwino, sindikuwanyoza, koma anapangidwira misewu ya ku Japan. Mvula ikagwa madzi n'kutsika m'mapiri athuwa, tinjira ta ku Mchini ndi ku Nabvutika timasanduka mifuleni, ndipo kagalimoto kafupi kamakhula mimba pansi. Mashoko, mabushi, mabuleki, zonse zimayamba kulira motsatizana. Amakaniko nawonso ndi anthu. Akaona mnyamata amene sadziwa pothira oyilo, mtengo umakhala wina.

Amene ali pangongole ya boma ya maphunziro, ya HELSB, amadziwa kuti m'menemo muli fizi, pogona, mabuku ndi chakudya. Ndalama ya chakudya ija inachotsedwa mu 2019, n'kubwezeretsedwa mu 2023 ophunzira atailirira nthawi yaitali. Ya mafuta mulibe. Ndiye geji ikagona, mwana sangaimbire bambo kachitatu mwezi umodzi, akuopa kukalipiridwa. Amatenga ya ndiwo n'kuthira mu thanki. Ndinakhalapo ndi mnyamata wina pano, galimoto yonyezimira, yotsukidwa m'mawa uliwonse, koma madzulo akupempha anzake mchere ndi mafuta ophikira.

Tsopano za kogona, zimene ndi nkhani yanga yeniyeni.

Kwathu kuno munthu sagula ng'ombe asanamange khola, koma galimoto timagula tisanadziwe pokaiika. Pakampasi masana, monga ndanena, ungaime pansi pa mtengo uliwonse, bola usatenge malo a aphunzitsi. Usiku ndi nkhani ina. Alonda a pasukulu analembedwa ntchito yolondera geti ndi nyumba za sukulu, osati galimoto ya wophunzira, ndipo malo ambiri oimikapo amakhala ndi chikwangwani chonena kuti chikachitika, mwini wake adzionere yekha. Komanso wa chaka choyamba amene sanapeze bedi pakampasi sangasiye galimoto kumeneko iye n'kukagona kwina. Ndiye aiguliranji?

Imatsala n'kubwera kwa ife a landilodi. Ndikuuzeni mmene malo athu amakhalira. Munthu akaganiza zomanga zipinda za ana a sukulu, amamanga mpaka kumpanda, chifukwa malo alionse otsala ndi ndalama yotayika. Pakatsala pabwalo, pali zingwe zoyanikapo zovala, migolo ya madzi, dzenje la zonyansa limene silifuna kupondedwa ndi tayala, ndi kadimba ka amayi akunyumba. Mageti ambiri ndi aang'ono, olowera munthu ndi njinga. Pamene pali geti lalikulu pamakhalanso nthawi yotsekera. Ana oyenda pansi akachedwa amalowa pakachitseko mwakachetechete, m'mawa n'kupereka moni ngati sanatuluke. Wagalimoto sangatero. Amafika usiku pakati, nyali ngwee pazenera, hutala pii, ndipo wina ayenera kudzuka, kufunafuna makiyi, kukoka chitsulo, agalu a mzere wonse atadzuka. Ukamupatsa kiyi wake, mawa upeza geti lagona losatseka, ndipo amene aberedwe ndi anzake opanda galimoto aja, mafoni ndi malaputopu awo.

Palinso mlandu umene sitimaukamba pokambirana lendi. Galasi la m'mbali likabedwa m'kati mwa mpanda wanga, kholo siliimbira mwana, limaimbira ine. "Abambo, paja tinakusiyirani mwana ndi katundu wake." Ine ndinalandira lendi ya chipinda. Ya ulonda sindinalandire. N'chifukwa chake a landilodi ena amakana ndithu, ena amawonjezera kangachepe pamwezi, ndipo amene amavomera mwaulere nthawi zambiri amakhala asanaonepo vuto.

Akakanidwa pakhomo, mwana amapita kumene anthu a m'makomboni amasiya magalimoto: pamalo ogulitsira mafuta, m'mpanda wa tchalitchi kapena wa sukulu, pafupi ndi polisi, kapena pa car park ya munthu amene anatchinga malo ake n'kuika mlonda. Kumeneko umalipira usiku uliwonse, kaya wayenda kaya sunayende. Taonani tsono chimene chachitika. Bambo anagula galimoto kuti mwana asamayende pansi mumdima. Mwanayo wachoka kulaibulale usiku, wayendetsa mpaka ku car park, watseka, ndipo akubwerera kunyumba wapansi, mumdima womwewo, yekha, makiyi m'thumba, laputopu kumsana, aliyense wa m'njiramo akudziwa kuti uyu ndi uja wa galimoto. Anzake opanda galimoto anabwerera limodzi kalekale, gulu, akuseka. M'mawanso ayambe wayenda kukaitenga. Chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo m'makomboni munkakhala mdima wa ndiwe yani. Amene ankasiya magalimoto kutali anaumva bwino mtunda umenewo.

Njira yotsiriza ndi kuisiya kunja kwa mpanda, m'mbali mwa msewu. Imeneyo sindikambapo zambiri. Magalasi, batire, wailesi, nyali, nthawi zina tayala, zonsezi zili ndi msika wake, ndipo mitundu ya magalimoto imene ndatchula ija ndi imene zipangizo zake zimayenda malonda msanga chifukwa aliyense ali nayo.

M'tauni masana ndi timavuto tating'ono: ku Lusaka a khonsolo amalipiritsa poimika ndipo amamanga tayala ukaima polakwika, ndiye pali anyamata aja a "tikuonerani, bwana" amene amafuna kawo pobwerera. Munthu wamkulu amazizolowera. Mwana amene sanayambe wamangiridwapo tayala amangoima n'kumaimba foni kumudzi.

Koma tinene kuti khola lapezeka, mpanda wautali, mlonda wokhulupirika. Patsala chinthu chimene mpanda sungatchinge. Galimoto ya mwana wa chaka choyamba siikhala yake. Sabata yoyamba isanathe, aliyense pa boarding house wadziwa. Wina mutu wamupweteka usiku, "tiperekeze kukiliniki". Wina akufuna thumba la makala. Wina chibwenzi chake chikufika pa siteshoni ya mabasi ya Intercity. Wina wa chaka chachitatu, wamkulu msinkhu, wolankhula mokoma, amangoti, "Mwana, ndibwerekeko makiyi, mphindi zochepa chabe." Mwana wa zaka 18 amene wangofika kumene, sadziwa aliyense, akufuna anzake, angakane bwanji? Ife akuluakulu kukana m'bale wobwereka galimoto kumativuta, nanga iye? Lachisanu likafika iye ndiye dalaivala wa gulu, ndipo gulu silipita kulaibulale Lachisanu usiku. Akakana kumwa amasekedwa, akamwa ndiye ali ndi miyoyo ya ana a eni m'manja mwake. Ndipo makiyi akapita kwa wopanda laisensi, chinachake n'kuchitika, a inshuwalansi amasamba m'manja. Mlandu umabwerera kwa amene dzina lake lili pabuku la galimoto, amene ali phee ku Chadiza osadziwa kanthu.

Chaka choyamba ndi chimene chimasefa. Mwana wachoka kusekondale kumene belu linkamuuza nthawi yodzuka, yodya ndi yowerenga, ndipo wafika kumene palibe womufunsa. Ambiri amene amagwa amagwera pamenepa, osati chifukwa chopanda nzeru, koma nthawi inawathera m'zina. Ine sindikunena kuti galimoto imalepheretsa mayeso. Alipo oyenda pansi amene amalephera bwinobwino. Ndikungoti mwana amene ali ndi njira yochokera pamalo nthawi iliyonse amachokadi.

Mwana wa mlongo wanga atapeza malo ku Lusaka, alamu anga anabwera kudzandiuza, osati kudzandifunsa, kuti agula Vitz. Mwa mwambo wathu malume ali ndi mawu pa mwana wa mlongo wake, koma masiku ano mawuwo amalemera malinga ndi amene akulipira fizi, ndiye ndinayenda nawo mosamala. Ndinati, "Alamu, mwachita bwino kumuganizira mwanayu. Koma tandiuzani, ikagona kuti?" Anati akaona konko. Ndinati, "Nanga akadwala agogo ake kumudzi, muitana ndani?" Anaseka, chifukwa ankadziwa yankho. Pabanja pakakhala galimoto imodzi yopanda ntchito yodziwika, imeneyo ndiye ambulansi, ndiye yonyamula chimanga cha pamaliro, ndiye yoperekeza akwati. Abale sawerengera kuti mwana ali ndi mayeso Lolemba. Amangoti, "Paja uja ali ndi motoka," foni n'kulira. Mwanayo, amene anakhala chete nthawi yonseyi, anangoti, "Amalume, ine chimene ndikufuna ndi laputopu yabwino." Bambo ake anamuyang'ana ngati wawachititsa manyazi. Sikuti nthawi zonse wofuna galimoto amakhala mwana.

Zimenezi ndimazimvetsa. Bambo amene ankayenda wapansi kupita kusukulu, nsapato zili m'manja kuopa kutha, akafika poti angagule galimoto ya mwana, akugula chinthu choposa chitsulo. Akufuna anthu aone, iyenso aone, kuti umphawi uja unathera pa iye. Sindingamuseke. Koma ulemu umenewo umakhala wa bambo, pamene mtolo wake amasenza ndi mwana.

Ndiye pali msewu wobwerera kwathu. Kuchoka ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570. Kagalimoto kakang'ono kamamwa malita cha m'ma 40 ulendo umodzi, ndalama yoposa K1,000 musanawerengere mageti olipira a ku Chongwe, ku Nyimba ndi ku Katete. Tikiti ya basi siyandikira pamenepo. Koma ine ndalama si imene imandidetsa nkhawa pamsewu umenewu. Laisensi ya galimoto yaing'ono munthu amatenga ali ndi zaka 18, ndipo ambiri a anawa amaitenga miyezi yochepa asanapite kukoleji. Aphunzira kuyendetsa pabwalo la mpira ndi m'misewu ya m'tauni. Sanakumanepo ndi mapiri a Manenekela, makhotakhota aja otsikira ku mlatho wa Luangwa, kumene umapeza thiraki yafera pakona, nthambi za mitengo zitaikidwa pamsewu m'malo mwa chizindikiro. Sanayendepo madzulo pakati pa Petauke, Sinda ndi Katete, kumene ngolo, mbuzi, ng'ombe ndi njinga zopanda nyali zimagawana msewu ndi mathiraki opita ku Malawi ndi ku Mozambique. Ndipo sukulu ikatsekera sabwera yekha. Amadzaza anzake akumudzi kuno, nyimbo pamwamba, onse akufuna kufika lero lomwe. Dalaivala wa basi, ndi zolakwa zake zonse, msewuwo amaudziwa pokhota paliponse.

Ena amati galimotoyo idzadzilipira yokha: mwana azinyamula anthu akaweruka, kapena alembetse pa Yango, njira yoitanira takisi pafoni, imene yakhala ikuyenda ku Lusaka kuyambira 2022. Ndamvapo zimenezi kangapo. Kunyamula anthu olipira ndi ntchito imene ili ndi mapepala akeake, ndipo wochita mwachinyengo ndi galimoto ya pakhomo amathamangitsana ndi apolisi a pamsewu ndi eni ake a siteji. Komanso ndalama ya ntchitoyi imapezeka m'mawa kwambiri, madzulo, ndi usiku wa kumapeto kwa sabata, nthawi yomweyo imene mwana ayenera kukhala m'kalasi, kuwerenga kapena kugona. Ngati banja likufuna bizinesi ya takisi, lilembe dalaivala, galimoto ikhale kuno, phindu lizilipira fizi. Imeneyo ndi nzeru ina, ndipo ndaiona ikuyenda.

Za ana aakazi ndiyenera kunena mwachilungamo, chifukwa apa mantha a makolo ndi enieni. Mtsikana kuyenda usiku, kukwera njinga yamoto ya munthu wosamudziwa, kupemphedwa nambala ndi kondakitala aliyense, kapena kuimitsidwa ndi azibambo a magalimoto akuluakulu amene amazungulira m'makoleji madzulo ngati anataya kanthu, zonsezi zimachitika. Mayi akanena kuti, "Ndimugulire yake kuti asakwere ya wina," ndimamumva. Koma galimoto imamuteteza pokhapokha ngati imalowa m'mpanda momwe iye amagona. Ikakhala yosiya ku car park, mwamuwonjezera ulendo wa usiku umene analibe. Ikafa panjira madzulo, ali yekha ndi bonati yotsegula. Ndalama yomweyo ikanamupezera chipinda m'nyumba ya atsikana okhaokha, pafupi ndi geti la sukulu, yokhala ndi mlonda, n'kutsalanso ya takisi masiku amene wachedwa. Pakamwa pa anthu sindinenapo. Mtsikana wa chaka choyamba akaoneka ndi galimoto, ochepa amakhulupirira kuti anagula ndi bambo ake.

Alipo amene galimoto amaifunadi, ndipo si bwino kuwaika mulu umodzi ndi ana ongochoka Grade 12. Mphunzitsi kapena namwino amene ali kale pantchito, wabwerera kusukulu kukawonjezera maphunziro, ali ndi ana oti awatule m'mawa ndi nyumba yake yoti galimoto igone, ameneyo ndi wa chaka choyamba pamapepala chabe. Wophunzira wolumala miyendo, amene minibasi ndi njinga zimamuzunza tsiku ndi tsiku, ngati banja lingathe, ligule, ndipo sukulu imupatse malo pafupi ndi khomo. Mwana amene akukhala pakhomo pa makolo kunja kwa tauni, kumunda cha ku Msekera kapena njira ya ku Mfuwe, n'kumapita kukoleji m'mawa kubwerera madzulo, angagwiritse ntchito ya pakhomo, chifukwa usiku imabwerera m'manja mwa eni ake, ndipo bambo amaona geji ndi maso awo. Ndipo zaka zakutsogolo zinthu zimasintha. Wa zauphunzitsi akatumizidwa kukaphunzitsa moyeserera kusukulu ya kumudzi, wa zaulimi akayamba kuyendera alimi, pamafunika choyendera. Koma kumenekonso, njira za ku Vubwi kapena za m'kati mwa Lundazi nthawi ya dzinja, chimene chimafika ndi njinga yamoto kapena njinga yolimba ya Buffalo, osati Vitz.

Njinga nayo ili ndi akuba ake, osaiwala. Kusiyana kwake n'kwakuti imalowa m'chipinda n'kugona pafupi ndi bedi.

Tsono kwa amene mwamva zonsezi koma mwatsimikiza mtima kuti mwana apita ndi galimoto, pitani nokha mukaone malowo musanalipire lendi, ndipo mukapite madzulo, osati masana. Masana komboni iliyonse imaoneka yofatsa. Kaoneni ngati geti likulowa galimoto, amatseka nthawi yanji, kiyi amasunga ndani. Funsani a landilodi maso ndi maso kuti kanthu kakabedwa m'mpanda mlandu ndi wa yani, ndipo chimene mwagwirizana chilembedwe papepala la lendi lomwelo, chifukwa mawu a pakamwa amasungunuka tsiku la vuto. Ngati ndi ku car park, yendani wapansi kuchokera kumeneko kufika pakhomo pamene mwana azigona, nthawi imene iye aziyenda, mumve nokha m'thupi. Funsani kuofesi ya sukulu ngati amafuna kuti galimoto ya wophunzira ilembetsedwe, ndiponso ngati amalola kugona pakampasi. Dulani inshuwalansi yokwanira, yolipira ndi galimoto yanu yomwe, ndipo muwauze a inshuwalansiwo zoona kuti woyendetsa ndi wa zaka zingati. Mtengo ukwera, koma kubisa n'kumene kumadzawapatsa chifukwa chokanira kulipira. Mwanayo aphunzire kusintha tayala ndi kuona oyilo ndi madzi asananyamuke, muli pomwepo mukuona. Ndipo mumupatse mawu okanira anzake, chifukwa payekha sawapeza. Anganene kuti, "Adadi anaika chipangizo choona kumene ili," kaya munaikadi kaya ayi. Mwana amakana mosavuta akakhala ndi munthu wamkulu womunamizira.

Chomaliza chimene ambiri amaiwala ndi tchuthi. Sukulu ikatsekera, mwana amabwera pabasi chifukwa mwamuletsa kuyendetsa mtunda wautali, ndipo mwachita bwino. Galimoto imatsala. Lendi ya chipinda mwina mwaimitsa, ndiye a landilodi alibenso chifukwa choisungira, kapena akufuna malowo kuti aikepo njerwa za chipinda china. Ku car park usiku uliwonse ukuwerengedwa, ndipo pakutha pa mwezi ndi theka ngongole yake imadabwitsa. Ikakhala osalizidwa batire limatha, matayala amaphwa, makoswe amalowa mu injini n'kudya mawaya, ndipo ikakhala pansi pa mtengo nthawi ya mvula, masamba amatseka timipata totulukira madzi mpaka m'kati kununkha nkhungu. Pafunika munthu wodalirika woti aziiliza kamodzi pasabata. Munthu ameneyo mumupatsa makiyi, ndipo mwanayo pobwerera adzapeza mafuta atatha ndi mpando utasunthidwa.